AI Ikatumidwa Ntchito, Imadziwa Bwanji Chida Choti Itenge?

  Takulandirani ku pulogalamu yathu ya sayansi ndi luso lamakono.

Lero tikamba za kanthu kooneka kakang'ono, koma kamene kakuwatulutsa thukuta akatswiri m'makampani akuluakulu a makompyuta. Ndi mawu ochepa chabe, mwina mizere itatu kapena inayi, amene munthu amalemba pouza AI, nzeru zopangidwa za m'kompyuta, kuti chida chakuti chimagwira ntchito yakuti. Funso lathu ndi ili: tingadziwe bwanji kuti mawuwo alembedwa bwino?

Yankho ndikupatsirani poyambirira pomwe kuti muyende nalo pulogalamu yonse. Mawu ofotokozera chida sitiwayesa powawerenga. Timawayesa poona zimene AI yachita itawawerenga.

Tiyamba ndi kumvetsetsa kuti zida zimenezi n'chiyani. Kenako tiona mmene akatswiri amayesera mawuwo. Chakumapeto ndikuuzani za mawu ena amene AI imawamvera bwino kwambiri, koma n'kupweteketsa mwini wake. Khalani nafe.

Ambiri mukukumbukira kuti ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, yopangidwa ndi kampani ya OpenAI ya ku America. Nthawi imeneyo inali yongolankhula basi. Mukaifunsa imayankha, mukaiuza kuti ilembe kalata imalemba, koma kutumiza kalatayo siinkatha. Mu Juni 2023 kampaniyo inatsegula njira yoti olemba mapulogalamu azitha kuiuza AI kuti: pano pali chida chofufuzira pa intaneti, apa pali chotsegulira fayilo, apo pali chotumizira uthenga, ukachifuna itanitsa. Kenako mu Novembala 2024 kampani ina, ya Anthropic, inatulutsa dongosolo lotchedwa Model Context Protocol, mwachidule MCP, loti aliyense azilumikizira zida zake ku AI m'njira yofanana. Makampani ena akuluakulu analitenga dongosololi, ndipo zida zinachuluka kwambiri.

AI yopatsidwa zida chonchi, n'kumagwira ntchito yokha pang'onopang'ono mpaka itaimaliza, akatswiri amaitcha agent. Mumaituma, iyo imasankha chida, imaona zimene zatuluka, n'kuganiza chochita chotsatira.

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. AI siona m'kati mwa chida. Imaona zinthu zitatu zokha: dzina la chidacho, mawu ochifotokozera, ndi mipata yoti idzaze pochigwiritsa ntchito. Ili ngati mnyamata wanzeru amene walembedwa ntchito lero m'sitolo yaikulu, abwana achoka, foni yawo siikupezeka, ndipo chomwe am'siyira ndi timapepala tomata pa madirowa. Sukulu anapita, kuwerenga amatha, koma miyambo ya sitoloyo saidziwa. Kapepala kakanena mwachidule, iye amadzaza yekha zotsalazo ndi maganizo ake. Komanso mnyamata ameneyu mawa adzabwera ataiwala za lero, adzayambiranso kuwerenga timapepala tomweto.

Tiyeni tiyerekeze chitsanzo chimodzi, tichione pafupi. Wolemba mapulogalamu wapanga chida cha sitolo ina ya m'malire, pakati pa Mchinji ndi Chipata. Chidacho wachipatsa dzina lakuti "tumiza". Mawu ofotokozera walemba kuti: "Chimatumiza ndalama." Mipata waika iwiri, wina wolembedwa "munthu", wina wolembedwa "ndalama". Iye akawerenga akuona kuti zonse zili poyera. Nanga chovuta n'chiyani?

Ndiye mwini sitolo akulembera AI kuti: "Awo atibweretsera mtedza aja atumizireni 50,000." Taimani kaye pamenepo, mudziike m'malo mwa AI. Pa mpata wa "munthu" mulembapo chiyani, dzina kapena nambala ya foni? Ngati ndi nambala, iyambe ndi 0 kapena ndi nambala ya dziko? Nanga ndalamazo ndi kwacha yanji? Ku Malawi kuli kwacha, ku Zambia kulinso kwacha, koma 50,000 ya kuno ndi 50,000 ya uko n'zosiyana kutalitali. Ndalama zikapita, zingabwezedwe? AI ifunse kaye isanatumize, kapena ingotumiza? Kapepala kaja sikananene chilichonse mwa zimenezi.

Wolemba uja sanachite ulesi ayi. Mayankho onsewa ali m'mutu mwake, n'chifukwa chake maso ake sakuona kuti papepala palibe. Mnzake wa muofesi yomweyo akawerenga nayenso avomera, poti amadziwa zomwezo. Mwaona tsopano chifukwa chake kuwerenga kokha sikukwanira?

Tamverani mawu omwewo atalembedwa mwina: "Chimatumiza ndalama za kwacha ya Malawi ku nambala ya foni ya m'Malawi. Nambala iyambe ndi nambala ya dziko. Ukapatsidwa dzina lokha, yamba wafufuza nambala ndi chida chofufuzira makasitomala. Ndalama zikapita sizibwerera, choncho uza mwini wake dzina, nambala ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo dikira avomere. Usachigwiritse ntchito polipira katundu wa kunja." Ngakhale mpata uja usinthe dzina, usakhale "munthu" koma "nambala ya foni ya wolandira".

Akumveka bwino, si choncho? Inenso ndikuona choncho. Koma samalani, chifukwa tagweranso mu msampha womwe uja, tawayesa ndi makutu athu. Kaya AI ichita zolondola ikawawerenga, tidziwa pokhapokha titaituma n'kuona.

[NYIMBO PANG'ONO]

Mukumvera pulogalamu ya sayansi ndi luso lamakono. Kwa inu amene mwangotsegula wailesi, tikukamba za mawu amene amauza AI ntchito ya chida chilichonse, ndipo tanena kuti mawuwo amayesedwa ndi zimene AI yachita, osati ndi kukoma kwake powerenga. Tsopano tione mmene kuyesako kumachitikira.

Poyamba pamafunika ntchito zenizeni zoti AI ipatsidwe. Apa ambiri amadzinamiza. Amalemba mayeso osavuta, monga akuti "tumiza ndalama zakuti ku nambala yakuti", AI n'kukhoza, iwo n'kuomba m'manja. Koma anthu enieni salankhula choncho. Munthu weniweni amati "awo a mtedza aja", amalakwitsa dzina, amasintha maganizo pakati pa nkhani, amapempha zinthu ziwiri m'chiganizo chimodzi. Mayeso abwino ndi amene amafuna kuti AI idutse pa zida zingapo isanamalize: ifufuze munthu, ione ngongole yake, itumize ndalama, ilembe m'buku. Ndipo pomaliza simufunsa AI kuti, kodi wakhoza? Mumakatsegula bukulo n'kuona ngati zalembedwamo zili zoona. AI ikhoza kunena mwaulemu wonse kuti ntchito yatheka, ndalama zitapita kwa munthu wolakwika.

Chachiwiri ndi chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse, ndipo ndichedwapo pang'ono. Muyenera kukhala pansi n'kuwerenga ulendo wonse umene AI yayenda: chida chimene inayamba kutenga, zimene inalemba m'mipata, pamene inakanidwa, pamene inabwerera. Ndi ntchito yotopetsa, koma zolakwika zimabisala mmenemo.

Akatswiri a ku Anthropic anafotokoza zitsanzo ziwiri zimene zimandithandiza kumvetsa. Pamene ankakonza chida chofufuzira pa intaneti, anapeza kuti AI yawo, Claude, inkangowonjezera chaka cha 2025 pa mawu ofufuzira ngakhale pamene sichinkafunika. Zotsatira zake, mayankho ankapendekera ku nkhani za chaka chimenecho, zina zofunika n'kutsala. Palibe munthu akanaona vutoli pongowerenga mawu ofotokozera chidacho. Analiona atayang'ana zimene AI inkalemba m'mpata muja, ndipo analikonza posintha mawuwo.

Chitsanzo china anachilemba mu Disembala 2024. Ankakonza agent yoti izikonza zolakwika m'mapulogalamu, ndipo ananena okha kuti nthawi yambiri inathera pa kukonza zida kuposa pa malangizo aakulu opatsa AI. Panali chida chotsegulira mafayilo chimene chinkalola adiresi yachidule, yowerengera kuchokera pamene waima. AI ikasuntha n'kulowa m'chikwatu china cha mafayilo, inkaperekabe adiresi ngati kuti ikadali pamalo oyamba paja, n'kuphonya. Mukudziwa chimene anachita? Sanawonjezere mawu ochenjeza. Anasintha chidacho kuti chizikana adiresi yachidule, chizifuna yonse yathunthu kuyambira kumutu. Vutolo linathera pomwepo.

Pamenepa pali phunziro limene ndikufuna olemba mapulogalamu alimve. Mukaona kuti mawu ofotokozera akungotalika, muli "samala ichi", "usaiwale icho", "chonde usachite chakuti", mwina vuto si mawu. Mwina chidacho chinapangidwa mokhota, ndipo chofunika kuwongola ndi chidacho.

Ngakhale uthenga umene chida chimabweza chikakana ndi mbali ya kufotokozera komweko. Chida chikangoyankha kuti "zalakwika" ndi kanambala kosadziwika, AI imangoyesanso zomwezo mpaka kutopa. Koma chikati "nambala iyi yaperewera, iyambe ndi nambala ya dziko", AI imakonza nthawi yomweyo. Poyesa, muziwerenganso mauthenga amenewa.

Chachitatu, bwerezani. AI siyankha mofanana nthawi zonse. Ntchito yomweyo, mawu omwewo, lero ikhoza, mawa iphonya. Mu 2024 ofufuza a kampani ya Sierra anakonza mayeso otchedwa tau-bench, momwe AI imakhala ngati wothandiza makasitomala a sitolo ndi a kampani ya ndege, ili ndi zida ndi malamulo oti itsate. AI zamphamvu za nthawi imeneyo, monga GPT-4o, zinkakhoza ntchito zosafika theka. Koma chimene chinatsegula anthu maso ndi ichi: atati ntchito iliyonse ibwerezedwe kasanu ndi katatu, ndipo iwerengedwe kuti yatheka pokhapokha AI itakhoza maulendo onsewo, za kusitolo zija zinatsika mpaka kusafika gawo limodzi mwa magawo anayi. Mayesowa ankayeza AI yeniyeniyo, koma amatiuza zambiri pa nkhani yathu. Mukasintha mawu ofotokozera, n'kuyesa kamodzi, n'kuona kuti zayenda, simunadziwebe kanthu. Mwina unali mwayi chabe. Ndipo pa nkhani ya ndalama za anthu, kukhoza kwa apo ndi apo sikuthandiza aliyense.

Zina ndingodutsamo msanga. Werengani kuti AI yaitanitsa zida kangati isanamalize, yatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo yakanidwa kangati, chifukwa zonsezi zimadya ndalama. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza. Ndipo sungani mayeso ena pambali, osawagwiritsa ntchito pokonza mawu. Mukapanda kutero mudzakonza mawu ongoyenerera mafunso amene mukuwadziwa kale, funso lachilendo likadzabwera n'kugwa nawo.

Pali chinanso chimene anthu amachiiwala. Mawu abwino amauzanso AI nthawi yoti isakhudze chidacho. Ofufuza a pa yunivesite ya California ku Berkeley ali ndi mayeso otchuka oyezera mmene AI zosiyanasiyana zimaitanitsira zida, ndipo mwadala anaikamo mafunso amene palibe chida chilichonse choyenera. Pamenepo kukhoza ndi kusatenga chida, n'kunena kuti izi sindingathe, kapena kufunsa kaye. AI zambiri zimafunitsitsa kuthandiza, moti zimatola chida chilichonse chomwe chayandikira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Choncho m'mayeso anu muikemo mafunso operewera ndi mafunso osokonekera, muone ngati AI iima n'kufunsa.

Chimodzimodzinso zida zofanana. Mukaipatsa chida chotchedwa "fufuza" ndi china chotchedwa "peza", zonse zofotokozedwa mofanana, izingosinthasintha popanda chifukwa. Chida chilichonse pachokha chikhoza kukhala ndi mawu abwino, koma mukaziika pamodzi n'kusokonezana. N'chifukwa chake chida chimayesedwa chili pakati pa zinzake zomwe chidzagwire nazo ntchito.

Mwina wina akufunsa kuti, bwanji osangoiuza AI yomweyo kuti ikonze mawuwo? Zimenezi zikuchitika kale. Mu 2025 a ku Anthropic ananena kuti anapanga agent yomwe ntchito yake ndi kuyesa chida chovuta kambirimbiri, kuona pamene chikupunthwitsa, n'kulembanso mawu ochifotokozera, ndipo ma agent obwera pambuyo ankamaliza ntchito mofulumira kwambiri. Ndi njira yothandiza. Koma onani kuti ngakhale pamenepa AI siinangowerenga mawuwo n'kupereka malikisi. Inachigwira chidacho, inalakwitsa nacho, kenako n'kulemba. Ndipo ine ndinganene kuti munthu asachokepo. AI ikafunsidwa chifukwa chimene yachitira chinthu, imatha kupereka yankho lomveka bwino koma losagwirizana ndi zimene inachitadi. Khulupirirani zolembedwa za ulendo uja kuposa nkhani imene ikukusimbirani pambuyo.

[NYIMBO PANG'ONO]

Tabwereranso, omvera. Mpaka pano takhala tikudandaula ndi mawu amene AI siwamvetsa. Tsopano titembenuze nkhaniyi, tikambe za mawu amene imawamvera mopitirira.

Mu Epulo 2025 ofufuza za chitetezo a kampani ya Invariant Labs, ya ku Zurich m'dziko la Switzerland, anaonetsa chinthu choopsa. Anapanga kachida kosalakwa, kongophatikiza manambala awiri. Koma m'mawu okafotokozera anabisamo malangizo ouza AI kuti, isanaphatikize, itsegule mafayilo achinsinsi a mwini kompyuta, itumize zomwe zilimo kudzera m'kachidako, ndipo isamuuze mwiniyo. AI inamvera. Munthu ankangoona dzina la chida ndi yankho la samu yake, pomwe AI inkawerenga mawu onse, obisika omwe.

Taganizirani. Tikanati tiyese mawu amenewo ndi funso limodzi lokha, lakuti kodi AI yawatsata, akanakhoza bwino kwambiri. Choncho funso lathu likufunika mnzake: AI yawatsata, inde, koma yachita zimene mwini ntchito amafuna? Yakhudza zinthu zimene sanaitume? Apa ndiye kuwerenga kuli ndi malo ake. Musanalumikize chida cha munthu wina chimene mwachipeza pa intaneti, tsegulani mawu ake onse muwawerenge mpaka kumapeto, ndipo chikasinthidwa muwawerengenso. Kuwerenga kumagwira wakuba. Koma kuti mudziwe ngati mawu oona mtima akutsogolera bwino, muyenerabe kuituma AI n'kuona zochita zake.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife olankhula Chichewa? Zida pafupifupi zonse zimafotokozedwa m'Chingerezi, ndipo mayeso otchuka amene ndatchula aja analembedwa poganizira olankhula Chingerezi. Koma mayi wogulitsa pamsika wa Limbe kapena wa Lizulu akadzayamba kulembera AI pa foni, adzalemba m'Chichewa, mwina chosakaniza ndi Chingerezi, mwachidule, mmene timalemberana pa WhatsApp. AI idzayenera kumva Chichewa chimenecho n'kuchigwirizanitsa ndi mawu a Chingerezi a pa chida. Pakati pamenepo zambiri zikhoza kutayika. Munthu akati "mawa", zili bwino. Nanga akati "mkuja", kapena "Loweruka likubwerali"? Nanga tsiku likalembedwa m'manambala, poti ife timayamba ndi tsiku kenako mwezi, pomwe ku America amayamba ndi mwezi? Chida chopangidwa uko chikapanda kunena dongosolo lake, katundu woti afike pa 3 Epulo akhoza kulembedwa kuti afike pa 4 Malichi.

Mayeso a ku Berkeley sangatiyankhire zimenezi. Chida chimene chakhoza m'Chingerezi sichinayesedwebe m'Chichewa, ndipo amene angachiyese bwino ndi ife eni chilankhulo.

Ndiye ndili ndi pempho kwa inu achinyamata amene mukulemba mapulogalamu ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba, ku Mzuzu, ku Chipata ndi ku Lusaka, ndi inu amene mukutimvera muli kunja. Musanapereke chida chanu kwa anthu, pitani kwa amene adzachigwiritse ntchito. Apempheni akulembereni zopempha zawo m'mawu awoawo, osawakonzera kalembedwe. Zimenezo ndiye zikhale mayeso anu. Ipatseni AI, bwerezani kangapo, ndipo khalani pansi muwerenge ulendo wonse umene yayenda.

Inu ena amene simulemba mapulogalamu, nanunso muli ndi mbali. Tsiku lina banki, sitolo kapena ofesi idzakuuzani kuti lankhulani ndi AI yathu, ikuthandizani. Muli ndi ufulu wofunsa kuti: kodi munaiyesa ndi anthu olankhula ngati ine? Kodi imafunsa kaye isanatumize ndalama zanga? Ikalakwitsa, ndikadandaule kwa yani?

Ndipo usiku uno, musanagone, yesani kanthu aka. Sankhani ntchito imodzi imene mumaidziwa bwino, kaya kuthira feteleza, kaya kulemba malisiti, kaya kusoka zipi. Ilembeni m'mizere inayi. Mawa mupatse munthu amene sanaigwirepo, inu mukhale chete, osamuthandiza, mungoona pamene aime n'kukuyang'anani. Mukatero mutilembere, mutiuze kuti anaima pati.

Nthawi yathu yathera pamenepa.  Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.